Palibe amene anandifunsa kuti ndimagwira ntchito yanji

Bambo wina wandilembera pa imelo kufunsa ngati kubanika kumene kukumuvutitsa kungakhale kochokera ku ntchito, popeza kumachepa akapita ku tchuthi n'kuyambiranso akabwerera, komanso ngati dokotala angathe kutsimikiza zimenezi. Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, chifukwa yandikumbutsa zaka zimene ndinkapopera penti magalimoto.

Ntchito imeneyo ndinaigwira zaka 6. Chifuwa chinayamba m'chaka chachitatu, ndipo chimene chinandisocheretsa n'chakuti sichinkandigwira ndili pa ntchito, koma usiku nditagona kale, mpaka ndinkadzuka n'kukhala tsonga pofunafuna mpweya. Ndinapita kuchipatala kangapo. Anandiyeza makhololo kawiri poganizira chifuwa chachikulu, anandijambula m'chifuwa ndi X-ray, sanapeze kanthu, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwerako ndi mankhwala a chifuwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti tsiku lonse ndimakhala ndikupuma chiyani. Inenso sindinkatchula, chifukwa ndinkaopa kuti nkhani ikangofika kwa abwana ntchito ithera pomwepo, pamene ana anali akadali pasukulu. Amene anadzandifunsa anali dokotala wina wachikulire, ndipo nditangotchula penti anasiya kulemba n'kuyamba kundifunsa za m'chipinda chopoperacho, ngati munali mazenera, ngati ndinkaphimba kukamwa ndi mphuno, ndiponso ngati anzanga ankatsokomolanso. Anandifotokozera kuti mu penti wosakaniza ndi hardener, yomwe imalimbitsa pentiyo, muli mankhwala otchedwa isocyanates, omwe amadziwika kwambiri poyambitsa mphumu, kuti kubanika kungabwere patapita maola angapo munthu ataweruka, ndipo kuti thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale fungo lochepa kwambiri limakwana kudzutsa matendawo.

Ndikunena mosabisa kuti dokotala amene sanafunse za ntchito ya wodwala sanamalize kumupima. Zimenezi si zachilendo. Kale mu 1700, dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, analemba za matenda a anthu ogwira ntchito zosiyanasiyana n'kulangiza kuti pa mafunso amene wodwala amafunsidwa awonjezerepo lakuti amagwira ntchito yanji. Padutsa zaka zoposa 300, koma funso lalifupi limeneli likudumphidwabe, ndipo sindikuvomereza zoti vuto ndi kuchepa kwa nthawi, chifukwa kulifunsa sikutenga ngakhale mphindi imodzi.

Komanso funsolo lisathere pa ntchito ya lero yokha. Fumbi la miyala limawononga mapapo pang'onopang'ono, moti matenda a silicosis angaonekere patapita zaka 10 kapena kuposerapo, ndipo munthu wotere amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu, n'chifukwa chake ena amalandira mankhwala a TB koma kubanika osatha. Khansa yobwera ndi fumbi la asbestos, chinthu cha ulusiulusi chimene ankaika m'zomangira nyumba, ingabisale zaka zoposa 20. Phokoso lofika ma decibel 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limagonthetsa, ndipo mnzanga wina amene ankadula zitsulo pafupi ndi ine anazindikira mochedwa, akazi ake atayamba kudandaula kuti sakuwayankha.

Zimene mungachite

Lembani ntchito zonse zimene munagwirapo, zaka zake, ndi mayina a mankhwala kapena fumbi limene mumakumana nalo, ndipo ngati zingatheke jambulani zolembedwa pa zitini. Pemphani kuti akuyezeni mapapo ndi spirometry, komwe ndi kuyeza mpweya umene mapapo amatulutsa, kenako mupeze kachipangizo ka peak flow, koyeza mphamvu imene mumatulutsira mpweya, kuti muzipemereramo kanayi pa tsiku kwa masabata 3 kapena 4, kuphatikizapo masiku opuma, n'kumalemba manambala onse pamodzi ndi nthawi yake. Manambalawo akamatsika masiku a ntchito n'kukwera masiku opuma, umenewo ndi umboni umene dokotala angaudalire. Muchite zimenezi musanasiye ntchito, chifukwa mukachoka umboniwo umavuta kuupeza, ndipo muonetsetse kuti dokotala walemba za ntchito yanu m'buku lanu lakuchipatala, popeza nkhani ya chipukuta misozi imayambira pamenepo.

Zikatsimikizika kuti ndi mphumu ya kuntchito, musadalire masiki okha, chifukwa mwayi wochira umakhala waukulu munthu akatalikirana msanga ndi chimene chikumudwalitsa. Ine ndinachedwa ndi zaka zitatu, ndipo mpaka lero sindichoka pakhomo popanda inhaler m'thumba.