Drugovich anapambana ndi mapointi 101, nanga mpando uli kuti?

Achimwene ena andilembera imelo sabata yathayi. Akuti anayamba kutsatira Formula 2, mpikisano wa magalimoto womwe madalaivala amadutsamo asanafike mu Formula 1, mu 2022, anagwa m'chikondi ndi kayendetsedwe ka Felipe Drugovich mpaka mnyamatayo anatenga chikho, koma mpando wa mu Formula 1 sanaupeze. Ndiye akufunsa kuti: kodi pali chifukwa choti munthu azitayira nthawi kuonera sizoni yonse, chikhalirecho wopambana sapita kulikonse?

Achimwene, mwandiponda pachilonda. Imelo yanuyi ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinatseka kompyuta n'kukhala phee.

Zaka zingapo zapitazo, kuntchito kwina komwe ndinkagwira anatisankha achinyamata angapo kuti tichite maphunziro a chaka chathunthu. Anatiuza poyera kuti wochita bwino ndi amene adzapatsidwe udindo womwe unkayembekezeka kutseguka. Ine ndinazitenga ndi mtima wonse. Ndinkafika anzanga asanafike, ndinkatsalira madzulo, Loweruka ndinkalithera m'mabuku. Mayeso onse atatha, dzina langa linali pamwamba. Tsiku lomwe anandiitana mu ofesi ndinavala malaya ochita kusita kawiri. Abwanawo sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi. Ankangozunguza cholembera patebulo, uku akundiuza kuti udindo uja apatsa mnzanga wina yemwe akuluakulu anali atamuika kale m'mapulani awo maphunziro asanayambe n'komwe. Nditafunsa ngati ndingalowenso m'gulu la chaka chotsatira kuti ndisaiwalike, anati ayi, inu mwamaliza kale, malowo ndi a ena. Setifiketi ija anandipatsa mu envulopu ya khaki. Ikadali momwemo mpaka lero, m'dirowa ya pansi, ndipo kukamwa kwa envulopuyo kunachita kumatirira.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si kumanidwa udindo. Chinali chakuti kupambana kwangako ndi komwe kunanditsekera khomo lobwerera. Amene analephera anali ndi mwayi woyesanso. Ine ndinatsala panja.

Ndiye mu September 2022, pamene ndinkaonera Drugovich ku Monza, ndinkadziwa kale zomwe zinkamudikira, chifukwa katswiri wa Formula 2 saloledwa kubwereranso mu mpikisanowu. Mukukumbukira mmene zinathera. Galimoto yake inagundana ndi ina mpikisano wa Loweruka utangoyamba, anatsika, n'kukaimirira ndi anthu a timu yake kuonera anzake akuzungulira. Théo Pourchaire, yemwe ankalimbirana naye chikhocho, analephera kupeza mapointi omwe ankafunika, ndipo Drugovich anakhala katswiri ali chiimire, wopanda chiwongolero m'manja. Sizoni itatha anali ndi mapointi 265, Pourchaire 164. Kusiyana kwa 101, pa mipikisano 28, m'magalimoto ofanana. Mfundo ya kufananayi musaiiwale: mu Formula 2 aliyense amayendetsa galimoto yopangidwa ndi Dallara, injini ya Mecachrome, matayala a Pirelli. Palibe timu yodzipangira galimoto yakeyake ngati mu Formula 1. Kusiyana kumabwera ndi dalaivala komanso luso la mainjiniya pokonza kakhalidwe ka galimotoyo.

Ku Barcelona chaka chimenecho ndi komwe anandigwira mtima. Pa qualifying, pomwe amapima liwiro kuti adziwe malo oyambira, anali wa nambala 10, koma anawina mipikisano yonse iwiri, wa Loweruka ndi wa Lamlungu. Wa Lamlunguwo anauyamba kumbuyo kwa magalimoto asanu ndi anayi. Anasunga matayala mofatsa ngati mayi wosunga ndiwo kuti zifike mawa, anzake atayamba kutsetsereka iye n'kuyamba kuwadutsa mmodzimmodzi. Anawinanso ku Jeddah, ku Monaco ndi ku Zandvoort, ndipo timu yake ya MP Motorsport ya ku Netherlands inatenganso chikho cha matimu. Mphotho yake? Kukhala dalaivala wodikirira ku Aston Martin. Kumayambiriro kwa 2023 Lance Stroll, dalaivala wa timuyo, anavulala manja atagwa panjinga, Drugovich n'kuyendetsa galimotoyo pa mayeso a ku Bahrain. Tonse tinati basi, nthawi yakwana. Stroll anabwerera sabata yotsatira n'kuyendetsa ndi manja opwetekawo. Pamenepo n'kuti Logan Sargeant, yemwe anamaliza pa nambala 4 mu Formula 2 yomweyo, ali kale pampando ku Williams.

Sindikunyoza Sargeant. Anali mwana wa sukulu ya madalaivala ya Williams, ndipo timuyo inali itaika ndalama zake pa iye. Drugovich analibe timu ya Formula 1 yomulera kufikira atawina. Apa ndi pomwe pagona nkhani. Matimu monga Red Bull, Ferrari, Mercedes ndi Alpine amatenga ana akadali pa timagalimoto ta kart, kuwalipirira, kuwaika pa simulator (makina ophunzirira kuyendetsa pa kompyuta), ndipo mpando ukatseguka amayang'ana kaye m'nyumba mwawo. Mipando nthawi imeneyo inali 20 yokha padziko lonse, ndipo pachaka imatseguka iwiri kapena itatu, mwinanso osatseguka n'komwe. Palinso nkhani ya zaka. Drugovich anawina m'chaka chake chachitatu, atayamba mu 2020 ndi MP Motorsport, n'kupita ku UNI-Virtuosi mu 2021, n'kubwerera. Akuluakulu a Formula 1 amati wowina m'chaka chachitatu wawina chifukwa chozolowera galimoto. Amafuna ngati Charles Leclerc mu 2017 kapena George Russell mu 2018, omwe anangofika n'kusesa.

Koma ngakhale zimenezo sizitsimikizira kanthu. Oscar Piastri anawina Formula Renault Eurocup mu 2019, Formula 3 mu 2020, Formula 2 mu 2021, zikho zitatu motsatizana, ziwiri zomalizazo ali watsopano. Chaka cha 2022 chonse anachithera pabenchi ku Alpine, atavala mahedifoni, pomwe Zhou Guanyu yemwe anamusiya pa nambala 3 ankathamanga ndi Alfa Romeo. Zinatengera mkangano waukulu wa kontrakiti pakati pa Alpine ndi McLaren kuti Piastri apeze mpando mu 2023, ndipo mu 2024 anawina mpikisano wake woyamba ku Hungary. Tangoganizani, munthu ngati ameneyo akanatha kuzimiririka.

Tsopano ndinene zomwe zili kukhosi kwanga. Lamulo loletsa katswiri wa Formula 2 kubwereranso mu mpikisanowu ndi lankhanza. Poyamba ndinkati lili ndi nzeru, chifukwa limateteza ana atsopano kuti asamapikisane ndi munthu mmodzimodzi chaka ndi chaka. Pano sindikuvomerezanso. Ngati FIA, bungwe loyendetsa masewerowa, ikutsekera munthu khomo la kumbuyo, iyenera kumutsegulira la kutsogolo. Panopa zomwe amapeza ndi mapointi 40 a Super Licence, chiphaso chololeza kuyendetsa mu Formula 1, koma mapointi omwewo amapatsidwanso kwa wachiwiri ndi wachitatu. Ndiye kuti wachiwiri ali ndi chiphaso chomwecho kuphatikizapo ufulu wothamanganso, pomwe woyamba akuuzidwa kuti dikirani kunyumba. Dalaivala wazaka 22 kukhala chaka chathunthu osapikisana kuli ngati kumanga mwendo wa wothamanga. Luso lodutsana pakona, lodziwa nthawi yoponda buleki pali galimoto ina pambali pako, silisungika pa simulator. Bwanji osakakamiza kuti katswiri apatsidwe mpikisano ngakhale umodzi wa Formula 1? Anthu adzati ndalama, adzati makontrakiti. Ine ndikuti masewera omwe amatha kunyamula katundu yense kuchoka ku Melbourne kupita ku Montreal sangalephere kupeza galimoto imodzi.

Ndipo tisaiwale zomwe anawa amaika pachiswe. Pa 31 August 2019, Anthoine Hubert anamwalira ku Spa pa mpikisano wa Formula 2, ali ndi zaka 22, ndipo Juan Manuel Correa anavulala miyendo koopsa. Tsiku limenelo ndinazimitsa TV manja akunjenjemera. Katswiri wa chaka chimenecho, Nyck de Vries, nayenso sanapeze mpando. Anapita ku Formula E, mpikisano wa magalimoto amagetsi, n'kukatenga chikho kumeneko, anadzapeza mpando wa Formula 1 mu 2023 ndi AlphaTauri, n'kuchotsedwa atangothamanga mipikisano 10. Pourchaire uja anadzawina mu 2023, nayenso njira inamutsekekera. Koma Gabriel Bortoleto anawina mu 2024 ali watsopano n'kulowa ku Sauber chaka chotsatira.

Nanga muzionera kapena ayi?

Muzionera, achimwene. Ine sindinasiye. Koma lekani kuiona sizoni ngati mzere wodikirira Formula 1, chifukwa mukatero mudzakhumudwa chaka chilichonse. Mpikisano wa Formula 2 pawokha ndi wokoma, nthawi zambiri kuposa wa akuluakuluwo. Loweruka amatembenuza madalaivala 10 oyambirira a pa qualifying, wa nambala 10 n'kuyambira kutsogolo, ndiye othamanga kwambiri amayenera kudzipezera okha njira. Lamlungu aliyense amakakamizidwa kuima kusintha matayala, ndipo pamenepo mumaona timu yoganiza ndi timu yongotsatira anzawo.

Ngati mukufuna kudziwa yemwe angakwere, musamangoyang'ana tebulo la mapointi. Yang'anani qualifying ya Lachisanu, chifukwa liwiro lenileni limaonekera pamenepo. Yerekezani dalaivala ndi mnzake wa timu imodzi. Onani yemwe ali m'chaka chake choyamba, ndi timu ya Formula 1 yomwe ikumulera, komanso makontrakiti omwe akutha kumtundako. Kimi Antonelli anamaliza pa nambala 6 mu 2024 koma anatenga mpando wa Lewis Hamilton ku Mercedes, ndipo amene ankatsatira zinthu zimenezi sanadabwe.

Za Drugovich, bwererani mukaonenso mpikisano wa Lamlungu wa ku Barcelona uja, kuyambira pomwe magetsi ofiira akuzima. Ine ndauonera katatu. Mukaonera, mundilemberenso, mundiuze kuti ndi pati pomwe munazindikira kuti palibe womugwira.