Mwagula galimoto yakale kuno ku Joni? Makaniko akuyankha

Mafunso ambiri amene ndalandira ndi ochokera kwa anzathu amene angogula kumene galimoto zakale, ndipo chimwemwe chatha sabata isanathe. Ndasankhapo anayi.

Achimwene, ndagula Toyota Tazz 130 kwa munthu wina. Mumsewu waukulu ikuyenda bwinobwino, koma ndikaima pamdipiti wa magalimoto pa M1 madzulo, singano ya kutentha imakwera mpaka pofiira. Anzanga kuno ku Rosettenville akuti ndichotse thermostat. Nditero?

Musachotse, achimwene. Mwanena nokha kuti imatentha mukaima, ndiye woyamba kumukayikira ndi fani. Galimoto ikamathamanga, mphepo imawomba yokha pa radiator n'kuziziritsa madzi. Ikaima, ntchito yonseyo imatsalira fani yamagetsi ija. Lizani injini pakhomo, tsegulani boneti, muidikire itenthe. Singano ikadutsa pakati fani ili duu, vuto mwalipeza. Yambani ndi fyuzi, kenako relay, kenako switch imene imauza fani kuti madzi atentha. Fani yeniyeniyo muiyese poilumikiza ku batire ndi mawaya awiri. Ikazungulira, ndi yamoyo, musagule ina.

Chachiwiri, chimene anthu amachiderera, ndi chivindikiro cha radiator. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera kunyanja yamchere, ndipo kuno madzi osavindikira amawira pa madigiri pafupifupi 94, osati 100. Chivindikirocho chili ndi sipuling'i ndi labala zimene zimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Labala ikang'aluka, madzi amawira n'kumatayika pang'onopang'ono inu osaona podontha. N'chotsika mtengo, sinthani basi.

Za thermostat, kachipangizo kamene kamatsekera madzi kuti asapite ku radiator mpaka injini itatentha, anzanuwo akukuuzani zimene tinazolowera kumudzi, makamaka madera otentha ngati ku Chikwawa. Koma mukaichotsa, m'mawa wa June kuno injini izichedwa kutentha, izimwa petulo wambiri ndiponso izitha msanga mkati. Ngati mukuikayikira, imasuleni muiponye mupoto wa madzi ali pamoto. Yabwino imatseguka madzi asanafike powira. Ikakhala chotsekeka, gulani ina muikepo.

Tsopano chimene ndikuopa ndi ichi. Galimoto imene yakhala ikuwira kwa mwini wake woyamba mwina inapsa kale gasket, chomatira cha pamutu pa injini chimene chimaletsa madzi, oyilo ndi mpweya kusakanikirana. Injini itazizira, tsegulani radiator, dzazani madzi, lizani, muyang'ane pakamwa pake. Mukaona thovu likubwera mosalekeza, mpweya wa mu injini ukulowa m'madzi. Masulaninso chivindikiro cha oyilo. Pansi pake pakakhala zoterera za mtundu wa tiyi wamkaka, komanso madzi akumachepa, pitani nayo kugalaja akapime musanayende nayo mtunda wina uliwonse. Madzi akakhala ofiirira ndi dzimbiri, dziwani kuti amangothiramo a pampopi. Tsukani, muthiremo antifreeze ndi madzi theka ndi theka.

Ikakutentherani pamsewu, yatsani hita mpaka pamapeto ngakhale thukuta likhale kamukamu, mupeze poima, muzimitse. Chivindikiro musachikhudze injini isanazizire, madziwo amasupula khungu.

Bambo makaniko, ndine mayi wa ku Tembisa. Ndagula Corolla yakale yopanda buku la sevisi. Wogulitsa anati zonse anachita kale. Ndalama zatsala zochepa, ndiyambire pati?

Mayi, mawu a wogulitsa opanda lisiti atengeni ngati sanalankhule. Yambani ndi timing belt, lamba amene amayendetsa mavalavu mogwirizana ndi mapisitoni. Ma Corolla akale a injini ya 4A-FE, komanso Tazz ndi Citi Golf, ali ndi lambayu, pomwe ma Corolla a pambuyo pake olembedwa VVT-i ambiri ali ndi tcheni. Funsani makaniko wanu akuuzeni yanu ili mbali iti. Pa Toyota zimenezi lamba amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo amaduka osachenjeza. Pa injini zina amangokusiyani pamsewu, pa zina mavalavu amapindika ndipo ndalama yokonzera imatha kuyandikira mtengo umene munagulira galimoto. Posintha, asinthiretu tensioner, kachipangizo kokunga lambayo, ndipo aone pampu ya madzi poti malowo atsegula kale.

Kenako oyilo ndi fyuluta yake, ngakhale oyiloyo akuoneka woyera. Mukatero mwadziwa tsiku loyambira kuwerenga. Mabuleki aonedwe mawilo onse anayi, ndipo brake fluid akakhala wakuda achotsedwe, chifukwa amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse.

Matayala musangoona mapando. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi pafupi ndi zilembo za DOT. Mwachitsanzo 2316 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Tayala lokalamba chotero limaoneka labwino m'tauni, koma mudzalisenzetse katundu wa Khirisimasi pa N1 kulowera ku Beitbridge dzuwa lili pamutu, lidzakuphulikirani. Wailesi ndi marimu onyezimira, zimenezo zidikire. Ndimaona anyamata ambiri akuyambira kumeneko, mabuleki akulira chitsulo pa chitsulo.

Citi Golf yanga ndinaitenga ku Durban ikuthamanga bwino. Kufika kuno yafooka pokwera zitunda. Kodi ndi petulo wa 93?

Si petulo ayi. Mpweya wa kuno ndi wopepuka chifukwa cha mtunda uja, ndiye injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 pa 100 iliyonse poyerekeza ndi kugombe. N'chifukwa chakenso 93, petulo wa octane yotsikirapo kusiyana ndi 95, amagulitsidwa kuno kumtunda, ndipo injini zakale zambiri zimayenda naye popanda vuto. Mukathira 95 mphamvuyo sibwerera. Sinthani mapulagi ndi fyuluta ya mpweya, ndipo ngati yanu ndi ya carburettor, aitchune mogwirizana ndi kuno. Ikamatulutsa utsi wakuda, ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya.

Ndinagula Polo kwa ogulitsa magalimoto, okhala ndi malo awo ndi chikwangwani. Patha masabata atatu, giya yachitatu ikumatuluka yokha. Ndabwererako akuti ndinasainira voetstoots. Ndikakonzetse kwina?

Musalole munthu aliyense amasule gearbox imeneyo pakali pano, ngakhale ine ndemwe. Wina akangoikhudza, ogulitsawo apeza pothawira, adzati mwaiwononga ndinu.

Voetstoots ndi mgwirizano woti mwagula chinthu mmene chililimo. Umagwira ntchito kwambiri mukagula kwa munthu wamba amene akugulitsa galimoto yake, ngakhale nayenso saloledwa kubisa dala vuto limene akulidziwa. Koma amene bizinesi yake ndi kugulitsa magalimoto amamangidwa ndi lamulo la Consumer Protection Act la 2008. Lamuloli limakupatsani miyezi 6 kuchokera tsiku limene munalandira katundu, ndipo akapezeka ndi vuto lenileni mutha kusankha kuti akonze, asinthe kapena akubwezereni ndalama. Chimene muyenera kuonetsetsa ndi pepala limene munasaina lija. Ngati analembapo momveka kuti gearbox ili ndi vuto inu n'kuvomereza, mlandu wanu wafooka. Ngati sanalembepo, muli ndi poyambira.

Alembereni kalata kapena uthenga wa pafoni wofotokoza vutolo, tsiku limene linayamba ndi makilomita amene galimoto yayenda, ndipo musunge umboni wake pamodzi ndi malisiti. Jambulani kavidiyo giya ikutuluka, wina akujambula inu mukuyendetsa. Akakanabe, kadandauleni ku Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi imene imaweruza mikangano yotere. Kudzafunika kuti galimotoyo ioneke kuti ndi yanu, choncho ngati simunasinthe dzina pamapepala, fulumirani, lamulo limapereka masiku 21 kuchokera pamene munagula. Pamene mukudikira, iyendeni pang'ono zedi, ndipo musamaigwirizire ndodo ya giya ndi dzanja kuti isatuluke, chifukwa mukatero mukudyetsa zitsulo zina mkatimo zimene zikadali zabwino.