Kodi Chigwa cha Shire chidzamira m'nyanja? Yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Achimwene ena a ku Ngabu, mlimi wa thonje ndi mapira, anditumizira imelo yomwe ndiifupikitsa chonchi. Pa gulu lawo la WhatsApp pakuzungulira vidiyo yoonetsa nthaka itang'ambika, msewu utaduka pakati. Wolankhula mu vidiyoyo akuti Africa ikugawikana pawiri, ndiye nyanja yamchere idzakwera kudzera mu Zambezi ndi mu Shire n'kumiza Nsanje ndi Chikwawa. Anzawo ena akuthirira ndemanga kuti kutentha kwa kuchigwa kuno n'chifukwa choti moto wa pansi pa dziko tayandikana nawo. Iwowa njerwa anaotcha kale, uvuni uli chiimire pakhomo, ndiye akufunsa ngati amange kapena asunge ndalamazo kuti akagule malo kumtunda.

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mangani. Koma musanaitane mmisiri tiyeni tikambirane bwinobwino, chifukwa mu zimene mwamvazo muli zoona zosakanikirana ndi mabodza, ndipo zoonazo zikukhudza khoma limene mukufuna kuimikalo.

Momwe mwaifotokozera vidiyoyo, ikufanana ndi ya ku Mai Mahiu m'dziko la Kenya, ya mu Malichi 2018. Kunagwa chimvula, madzi n'kukokolola dothi lofewa la kunsi kwa msewu, pamwamba pake n'kutitimira. Zithunzi zake zimafa n'kudzukanso pa Facebook chaka ndi chaka, aliyense n'kumaikapo mawu akeake.

Tsono tiyambire pansi pa mapazi athu. Kuchoka pamene mwaimapo kukafika pakatikati penipeni pa dziko pali makilomita pafupifupi 6,370. Palibe anafikako. Dzenje lakuya kuposa onse limene anthu anaboolapo lili ku Kola m'dziko la Russia. Anayamba kuboola mu 1970, ndipo pofika 1989 anali atangopitirira pang'ono makilomita 12. Pamwamba pamene tikukhalapa ndi chigoba cha miyala, chochindikala makilomita 30 mpaka 50 kumtunda, koma pansi pa nyanja zikuluzikulu n'chopyapyala, makilomita 5 mpaka 10 basi. Kunsi kwa chigobacho kuli gawo lalikulu limene akatswiri amalitcha mantle, lofika makilomita 2,900 kuya kwake. Ambiri amaganiza kuti m'menemo ndi nyanja ya chiphalaphala cha moto. Ayi, ndi mwala wolimba ndithu, kungoti ndi wotentha kwambiri moti umatha kusuntha pang'onopang'ono, masentimita ochepa pachaka. Kupitirira apo ndiye kuli chitsulo chosungunuka, ndipo kuyambira pa makilomita 5,150 kulowa m'kati chitsulocho n'cholimbanso chifukwa chopanikizidwa ndi kulemera kwa zonse zili pamwamba pake, ngakhale kutentha kwake kumapitirira madigiri 5,000.

Mwina mukuti, nanga adziwa bwanji poti sanafikeko? Munaonapo amayi akugula mtsuko pamsika. Saugula asanaugogode ndi chala. Ukalira bwino amadziwa kuti ndi wathunthu, ukamveka mogontha amadziwa kuti uli ndi mng'alu ngakhale maso sakuuona. Chivomezi chimagogoda dziko mwa njira yomweyo, ndipo makina oikidwa m'maiko osiyanasiyana amamvetsera. Chivomezi chimatulutsa mafunde a mitundu iwiri oyenda m'kati mwa miyala. Oyamba, otchedwa P, ndi aliwiro ndipo amadutsa paliponse. Achiwiri, otchedwa S, amatsalira m'mbuyo ndipo sangadutse m'chinthu chamadzimadzi. Akatswiri ataona kuti mafunde a S sakufika kutsidya lina la dziko, anadziwa kuti m'katimo muli gawo losungunuka. Richard Oldham ndiye anasonyeza mu 1906 kuti pakati pa dziko pali gawo losiyana ndi miyala ya pamwamba pake, ndipo mu 1936 mayi wa ku Denmark, Inge Lehmann, anazindikira kuti m'kati mwa gawo limenelo mulinso lina. Ine nkhani imeneyi imandigwira mtima, kuti munthu wokhala pa tebulo ndi mapepala a manambala anatha kuona malo amene phazi la munthu silidzapondako.

Chigoba chija pamodzi ndi mwala wolimba wa kunsi kwake sichili chathunthu. Chinagawikana m'zibenthu zikuluzikulu zimene zimayenda pang'onopang'ono, zina kugundana, zina kukhulana m'mbali, zina kutalikirana. Alfred Wegener wa ku Germany atanena mu 1912 kuti maiko amasuntha, anzake ambiri anamutsutsa, ndipo umboni wokwanira unadzapezeka m'zaka za m'ma 1960 iye atamwalira kale.

Apa ndiye pali choona cha mu vidiyo ija. Africa ikutalikiranadi. Chibenthu chakumadzulo amachitcha Nubia, chakum'mawa amachitcha Somalia, ndipo pakati pake pali tizibenthu tina, monga ka Rovuma kamene kali kum'mawa kwa dziko lathu. Pamene zikukokanapo miyala imathyoka, mbali ina n'kutitimira. Mzere wa zigwa zotere umayambira ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Tanzania, kufika kwathu kuno mpaka ku Mozambique. Nyanja ya Malawi, yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto kwake, ili m'chigwa chotero. Chigwa chathu cha Shire nachonso chimodzimodzi.

Umboni wake mumauona nthawi zonse mukamachokera ku Blantyre. Minibasi ikayamba kutsetsereka m'mapiri muja, mabuleki akununkha, makutu akutseka, anthu akuvula majuzi, ponyani maso kumanzere mukamayandikira pa Thabwa. Muona kuti mapiri a ku Thyolo sakutha mwapang'onopang'ono, akuthera pamzere umodzi wowongoka, ndipo kuyambira pamenepo dziko langoti see, minda ya nzimbe yobiriwira mpaka ku Nchalo. Msewu wa ku East Bank wopita cha ku Muona umayenda m'tsinde mwa mzere womwewo. Umenewo ndiwo mng'alu wa Thyolo. Mbali ya Thyolo inatsala m'mwamba, mbali yathu inatsika. Blantyre ali pa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe malo otsikitsitsa m'Malawi muno, kumene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique, ali pa mamita 37 okha. Ndipo chigwachi si chadzulo. Chinayamba kutitimira kalekale, zaka mamiliyoni oposa 200 zapitazo, ndipo malasha a ku Lengwe ndi ku Mwabvi ali m'miyala ya nthawi imeneyo. Kukokana kwa masiku ano kukungodzutsa ming'alu yakale.

Koma liwiro lake, achimwene, limvetseni. Kuno kumwera kwa Malawi zibenthuzi zikutalikirana ndi milimita imodzi kapena awiri pachaka. Munthu wobadwa lero akadzakwanitsa zaka 70, dziko lidzakhala litatanuka masentimita 14 likachulukitsa. Nyanja Yofiira inatsegukadi mwa njira imeneyi, Arabia atapatukana ndi Africa, koma zinatenga zaka mamiliyoni makumi. Palinso zigwa zambiri padziko lapansi zimene zinayamba kung'ambika n'kulekera panjira. Choncho za nyanja yamchere kufika pa Ngabu zichotseni m'mutu. Sizikukhudza inu, kapena adzukulu a adzukulu anu.

Za kutentha sindichedwapo. Mpweya umatentha ukamatsika, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndiye ife okhala m'tsinde timaphikika mu Okutobala ndi Novembala a ku Bvumbwe akupuma kamphepo. Kutentha kochokera pansi kulipodi, ndi kumene kumafunditsa akasupe a ku Nkhotakota, ku Liwonde ndi ku Chiweta, madzi akatsika m'ming'alu n'kubwerera kumtunda. Koma kukuchepa kambirimbiri poyerekeza ndi kwa dzuwa. Komanso kunja kukatentha si chizindikiro choti kubwera chivomezi. Zivomezi za kuno zimayambira makilomita angapo, nthawi zina makumi, pansi pa nthaka, kumene nyengo siifikako.

Chimene ndikufuna muchitenge mwachidwi ndi chivomezicho. Mamilimita aja sayenda mosalala. Miyala ya mbali ziwiri za mng'alu imagwirana zolimba kwa zaka mazana kapena zikwi, mphamvu n'kumaunjikana, kenaka tsiku lina imapulumuka kamodzin'kamodzi. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi champhamvu yopitirira 6 pa sikelo yoyezera zivomezi chinagwedeza Salima, chinapha anthu 9 ndi kusiya anthu zikwizikwi alibe pogona. Mu Disembala 2009 Karonga anagwedezeka kangapo m'masabata awiri, chachikulu chinafika pa 6.0, anthu 4 anamwalira ndipo nyumba zikwi zingapo zinawonongeka. Mu Febuluwale 2006 ku Machaze m'dziko la Mozambique kunachitika cha 7.0 chimene chinamveka mpaka ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Ndipo pa 8 Malichi 2018 chinachitika pafupi ndi Nsanje pompano, cha mphamvu ya pafupifupi 5.5. Manambalawa asakupusitseni kuti ali moyandikana. Kuchoka pa 5 kufika pa 6 mphamvu imachuluka ka 32, kuchoka pa 6 kufika pa 7 ka 32 kenanso. Akatswiri anafufuza mng'alu wa Thyolo n'kupeza kuti ukadali wamoyo, monganso wa Bilila-Mtakataka wa m'chigawo chapakati, wotalika makilomita pafupifupi 100. Mng'alu ukatalika, chivomezi chimene ungabale chimakulanso. Tsiku lake palibe angalitchule, ngakhale a nthambi yoona za miyala ku Zomba, ngakhale a ku Japan kumene zivomezi n'zosasowa. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti chivomezi chibwera usiku uno, tulukani m'nyumba, ndi bodza, ndipo ndimadandaula ndikaganiza za agogo amene amagonetsedwa panja, udzudzu ukuwaluma, chifukwa cha mauthenga otere.

Ife a kuchigwa tili ndi vuto lina loonjezera. Nthaka yathu yambiri ndi mchenga ndi matope amene Shire, Ruo ndi Mwanza akhala akutula kwa zaka zikwi zambiri. Nthaka yofewa imagwedezeka kwambiri kuposa thanthwe, ndipo mchenga wodzadza madzi ukagwedezeka umatha kusungunuka, maziko n'kutitimira. Ku Karonga zinaoneka zimenezi. Kwanu ku Ngabu kulinso makande. Inu mukuwadziwa kuposa ine, momwe amang'ambikira m'chilimwe mpaka dzanja kulowa, n'kufufuma mvula ikagwa. Ming'alu yambiri ya m'makoma a kumeneko imachokera pamenepo, sikuti Africa ikugawikana. Koma khoma long'ambika kale ndi limene limayamba kugwa nthaka ikagwedezeka.

Ndiye mmisiri wanu mukambirane naye izi, ndipo musachite naye manyazi. Maziko akumbidwe mozama ndithu, ndipo pa makande musaumire simenti ndi zitsulo m'munsimo. Njerwa zimangidwe ndi simenti ndi mchenga. Nyumba zambiri zimene zinagwa ku Karonga zinali za njerwa zomangira dothi, makoma opyapyala osalumana bwino pamakona. Makoma akunja akhale a njerwa ziwiri, pamakona njerwa zilukane, ndipo brick force, waya wolimbitsa khoma woyalidwa pakati pa mizere ya njerwa, aziikidwa pakapita mizere ingapo. Chachikulu kuposa zonse ndi ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo ndi zitseko. Ambiri amangoika lintala pawindo n'kunena kuti zakwana, kuti ndalama itsale ya matailosi ndi penti. Kunena zoona, bola nyumba ikhale zaka ziwiri yosapaka pulasitala kusiyana n'kusowa lamba ameneyu, chifukwa ndi amene amagwirizanitsa makoma kuti asatayane. Mawindo asakule mopitirira, ndipo asayandikire pakona. Gebulo, khoma losongoka la kunsi kwa denga lija, limagwa msanga likangoima palokha, ndiye limangiriridwe ku denga kapena musankhe denga lotsetsereka mbali zonse zinayi. Mitengo ya denga nayo imangidwe ndi waya wolowa m'khoma, osangosanjika miyala pamalata. Izi zithandizanso mphepo ya mkuntho ikabwera.

Apabanja panu auzeni kuti pansi pakayamba kugunda, malata n'kumalira, amene ali pafupi ndi khomo atuluke n'kukaima pabwalo patali ndi makoma, mitengo ndi mawaya a magetsi. Amene ali m'kati kwenikweni alowe kunsi kwa tebulo kapena bedi lolimba, ataphimba mutu. Chikatha musathamangire kulowa m'nyumba yong'ambika, chifukwa zing'onozing'ono zimatsatira pambuyo, nthawi zina kwa masabata.

Pa nkhani ya malo, funso lofunika silokhudza nyanja yamchere, ndi la madzi a m'mitsinje yathu yomweyi. Pitani kwa akuluakulu a m'mudzimo akuonetseni pamene madzi anafika mu Januwale 2015, pa namondwe Ana mu 2022 ndi pa Freddy mu 2023. Ngati pamalo panu panapita madzi, pemphani amfumu akuthandizeni kupeza pokwererapo kufupi komweko, njerwa zanuzo mukazitute pa ngolo.