Mana ankatola okha, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati kupita kokasaka ganyu pamene mukupempherera ntchito kukusonyeza kuti simukhulupirira Mulungu. Ine ndikuti pitani ndithu.

Tawerengani Eksodo 16. Mana, chakudya cha Aisraeli m'chipululu, ankagwa ulere, koma munthu ankayenera kulawira kukatola, chifukwa dzuwa likatentha ankasungunuka. Wogonereza ankapeza mchenga wokhawokha.

Nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya mayi wamasiye uja pa 2 Mafumu 4. Mneneri Elisa anayamba ndi kumufunsa zimene anali nazo m'nyumba, iye nati ali ndi kamtsuko ka mafuta basi. Kenako mayiyo anayenda khomo ndi khomo kubwereka mitsuko yoti athiremo mafutawo, manyazi atawaika pambali. Mafuta analeka kutuluka mitsuko itatha, ndipo kukagulitsa kunali kwa iye yemwe.

Kwathu kuno ku Bembeke timapempherera mvula, komatu mizere ya kachewere timakhala titaunga kale. Ine chaka china ndinachedwa kubzala ndili kalikiliki ndi mapemphero a usiku, anzanga ponyamula matumba kupita nawo ku Lizulu ndinangowaperekeza ndi maso.

Mwati mumatha kupala matabwa. Mawa mukamaliza kupemphera, tengani zida zanu mukafunse pa Dedza boma.