Filimu ikasintha nkhani ya mu comic, kodi yatinamiza?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena amene anapempha kuti dzina lawo ndisalitchule, ndiye ndingowatcha achimwene. Analemba motere: "Ine ndi alamu anga sitikumvana chionereni Avengers: Infinity War. Iwo amawerenga ma comic pa foni, ndipo akuti filimu ija ndi yabodza chifukwa Thanos weniweni sanaphe anthu pofuna kuti chakudya chikwane. Ine filimuyo ndinaikonda. Akunena zoona? Nanga filimu ikasiyana ndi buku ndiye kuti yaonongeka?"

Achimwene, pa za Thanos musalimbane nawo alamu anuwo, akunena zoona. Mu The Infinity Gauntlet, comic (nkhani ya m'zithunzi zojambula) imene Jim Starlin analemba mu 1991, Thanos anali m'chikondi. Ankafuna Imfa, imene m'mabuku a Marvel imaoneka ngati mkazi wovala mkanjo, ndipo kufafaniza theka la zamoyo zonse kunali kufuna kumusangalatsa mkaziyo. Mayiyo osamuyankha n'komwe. Filimu ya 2018 inachotsa chikondi chimenechi n'kumupatsa Thanos maganizo oti zamoyo zachulukitsa ndipo zinthu sizikukwana. Kunena mosabisa, ine ndimakonda wa m'buku. Munthu wapenga ndi chikondi timamumvetsa, tawaonapo otere. Koma munthu ali ndi mphamvu zochita chilichonse m'dzanja limodzi, bwanji osangochulukitsa chakudyacho? Masamu ake aja sandimvekera mpaka lero.

Pamene ndikusiyana nawo alamu anu ndi pa mawu oti "weniweni". Akadzawatchulanso mudzawafunse kuti weniweni wa chaka chiti.

Tengani Superman. Pamene Jerry Siegel ndi Joe Shuster anamutulutsa mu Action Comics mu 1938, sankauluka. Ankangodumpha, kudumpha kwakukulu ndithu, koma n'kutera pansi ngati chiwala. Kuuluka kunabwera m'zaka zoyambirira za m'ma 1940, ndipo makatuni ndi sewero la pa wailesi zinathandiza kwambiri kuti kukhazikike. Mwala uja umamufoola, kryptonite, anthu anayamba kuumva pa wailesi mu 1943, m'mabuku unadzalowa mu 1949. Batman, amene lero mafani amalumbira kuti sagwira mfuti ndipo sapha munthu, m'nkhani zake zoyamba za 1939 ndi 1940 mfuti ankagwira, anthu ankaphanso, mpaka akonzi anamuletsa. Harley Quinn sanabadwire m'buku ayi, anabadwira mu katuni ya pa TV mu 1992, mabuku n'kumutengera kumeneko. Nick Fury, mkulu wa akazitape m'mabuku a Marvel, anakhala mzungu zaka zambirimbiri. Kenako mu 2002 wojambula Bryan Hitch anamujambula ndi nkhope ya Samuel L. Jackson, ndipo patapita zaka zisanu ndi chimodzi Jackson yemweyo n'kudzamusewera mu filimu. Ndiye apa wakopera mnzake ndani?

Ma comic amenewa sali ngati buku limene munthu mmodzi analemba n'kulitseka. Ndi nkhani zimene zapitirira zaka makumi asanu ndi atatu, olemba mazanamazana akulandirana, aliyense akusintha pang'ono, ena akufafaniza zimene anzawo analemba. Wonena kuti filimu isasinthe kanthu nthawi zambiri amatanthauza kuti isasinthe zimene iye anawerenga ali mnyamata.

Ndipo phokoso lambiri limakhala la maonekedwe basi. Michael Keaton atasankhidwa kukhala Batman wa 1989, mafani analemba makalata zikwizikwi odandaula kuti munthu wa nthabwala sangakwanitse. Wolverine wa m'buku ndi kamunthu kafupi, masentimita 160, pamene Hugh Jackman, amene anamusewera mu filimu, ndi mtalitali wa pafupifupi 188. Anthu anadandaula mu 2000, lero ndani akufuna wina? Spider-Man wa Sam Raimi wa 2002 ankatulutsa ulusi m'thupi mwake, pomwe m'buku Peter Parker, amene ndiye Spider-Man, anapanga yekha tizipangizo tovala pamkono. Zonsezi zinakwiyitsa anthu kwa kanthawi, zinatha.

Komatu sindikunena kuti chilichonse n'chololedwa. Kumbukirani nthano za Kalulu. Agogo a kuchimuna ankaikamba mwina, a kuchikazi mwina. Kwina amene wapusitsidwa ndi Fisi, kwina ndi Njovu, kwina nyimbo yapakati ndi ina. Palibe mwana ankadzuka pamoto n'kunena kuti agogo mwanama, tonse tinkangoyankha kuti tili tonse. Koma agogo akanati ayambe nthano ya Kalulu wopusa, wogona tulo, amene Fisi akumuchenjerera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale kamwana ka zaka zinayi kakanakana. Ameneyo si Kalulu. Muyeso wanga ndi umenewo: kodi munthuyo akadali yemwe uja mumtima, ngakhale amusinthire malaya, msinkhu ndi mudzi?

Chitsanzo chosavuta ndi Deadpool mu X-Men Origins: Wolverine ya 2009. Munthu amene mbiri yake yonse ndi pakamwa, wolongolola osapuma, wonyoza adani ake ali pakati pa ndewu, opanga filimu anamutseka pakamwa. Kutseka kwenikweni, pamalo pa milomo pali khungu lokhalokha. Apo mafani anali ndi chifukwa chokwiyira, ndipo Ryan Reynolds, amene anamusewera, anadzakonza yekha mu filimu ya Deadpool ya 2016.

Chovuta ndi Man of Steel ya 2013, ndipo pamenepa mundilole ndichedwepo. Kumapeto Superman wamugwira mdani wake General Zod pakhosi, Zod akuloza moto wa m'maso mwake kwa banja limene lapanikizika pakhoma, ndipo Superman akumuthyola khosi. Mkangano umene unabuka sunathe mpaka pano. Ena amati Superman sapha, basi. Anzawo amatulutsa umboni: mu 1988, m'nkhani ya John Byrne, Superman anapha Zod ndi anzake awiri pogwiritsa ntchito kryptonite. N'zoona, zili m'buku. Koma amene amatulutsa umboniwu amaiwala kunena zotsatira zake. M'bukumo chikumbumtima chinamudya Superman miyezi yambiri, mutu unamusokonekera, mpaka anadzichotsa yekha padziko n'kukayendayenda mumlengalenga. Mu filimu akulira mokuwa kamodzi, mtolankhani Lois Lane akumugwira, ndipo posakhalitsa tikumuona akucheza mwanthabwala ndi mkulu wa asilikali za kandege kaukazitape kamene wagwetsa. Mzinda uli phulusa. Ndiye chochitikacho chinali m'buku ndithu, koma kulemera kwake kunasiyidwa panjira. Kwa ine kusakhulupirika kunali pamenepo, osati pa khosi lija.

Wotsogolera yemweyo, Zack Snyder, ndi amenenso anapanga Watchmen mu 2009, filimu imene m'malo ambiri inatsata buku la Alan Moore ndi Dave Gibbons chithunzi ndi chithunzi, ngakhale mathero inawasintha. Mukaimitsa filimuyo n'kuika buku pambali, mupeza anthu aima mofanana, mawu omwewo. Koma bukulo linalembedwa kuti likuchititseni manyazi posirira anthu ovala zigoba omenya anzawo, pamene filimu ndewuzo inazikongoletsa, kuzichedwetsa kuti muone bwino fupa likuthyoka n'kuombera m'manja. Moore anakana kuti dzina lake lilembedwepo. Kukopera kunalipo kokwanira, koma buku likuloza kum'mawa, filimu kumadzulo.

(Amene tinakulira m'ma video show, pa benchi, tikumvera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, tisamadzitame kwambiri pa nkhani ya kukhulupirikayi. Womasulira uja ankamupatsa msilikali wa ku America dzina la kwathu, n'kumuyankhulitsa za nsima ndi ngongole, ife n'kumaseka mpaka misozi. Palibe anapempha kuti amubwezere ndalama yake.)

Palinso nthawi zina pamene kutsata buku kukanakhala kulakwa. Black Panther anayamba kuoneka mu 1966 mu Fantastic Four, olemba ake Stan Lee ndi Jack Kirby, azungu a ku New York amene Africa ankangomuganizira. Mmodzi mwa adani ake m'mabuku a pambuyo pake ndi M'Baku, amene ankatchedwa Man-Ape, munthu wakuda wovala chikopa cha nyani wamkulu woyera. Ganizirani dzina limenelo likutchulidwa mu filimu ya Black Panther ya 2018, ife tili m'kati tikuonera. Wotsogolera filimuyo Ryan Coogler ndi anzake anataya dzinalo, nasunga M'Baku ngati mfumu ya a Jabari okhala kumapiri, wamwano koma waulemu wake, amene pamapeto akubwera kudzathandiza T'Challa, amene ndiye Black Panther. Anthu a ku Wakanda, dziko lopeka la Black Panther, anawapatsa chiyankhulo chenicheni, Chixhosa, ndipo pakati pa akuluakulu a m'bwalo la mfumu panali malemu Connie Chiume, wa ku South Africa, amene bambo ake anali ochokera kuno ku Malawi. Zimenezi m'buku la 1966 mulibe. Sindinamvepo munthu wa kuno akudandaula kuti Man-Ape anamusowa.

Ndiye mukakumana nawo alamu anu, avomereni za Imfa ija, asangalale. Kenako muwafunse ngati Thanos wa mu filimu akadali Thanos: wodzikuza, wodziona ngati yekhayo womvetsa zinthu, wokonzeka kupereka mwana wake amene amati amamukonda kuti apeze chimene akufuna. Muwakumbutsenso kuti ka famu kaja akukhala pamapeto, zida zake zankhondo atazikoleka pamtengo ngati choopsezera mbalame m'munda, n'kochokera m'buku lomwelo la 1991, m'masamba ake otsiriza. Ngati anawerengadi mpaka kumapeto akakumbukira.