Achemwali, za adiresi ya kwa alamu anuyo ndiyankhe ine

Achemwali, mwafunsa mu gulu muno ngati mungalembetse mwana kusukulu ya dera lina pa adiresi ya alamu anu, pamene inu simukhala kumeneko. Amene akukuuzani kuti "ingolembani adiresi ya alamu anuyo, aliyense amatero" sanalandirepo kalata ya district, ofesi yoyang'anira masukulu a boma a m'dera. Ine ndinailandira, pamene sindinaname n'komwe. Mpaka lero ndikaona galimoto yachilendo itaima pafupi ndi nyumba m'mamawa, mtima umagunda.

Kuno ku Illinois tauni ndi district ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ma district alipo oposa 800, ndipo ambiri a kunja kwa Chicago kuno amayambira kindergarten n'kuthera giredi 8, high school ili ndi district yakeyake. Malire ake satsata dzina la tauni. Msewu umodzi womwewo, ana a mbali ino amapita kwina, a tsidya linalo kwina. Ndalama zambiri zoyendetsera sukuluzi zimachokera ku msonkho wa nyumba za m'deralo, n'chifukwa chake malirewo amawalondera ngati dimba nthawi ya mondokwa.

Ine banja litatha ndinkakhala ku basement kwa asuweni anga. Lendi ndinkapereka pamanja, lease (pepala la mgwirizano wa lendi) panalibe, bilu ya magetsi ndi ya gasi zonse m'dzina lawo. Polembetsa mwana ku giredi 3 tinachita zonse zimene anatiuza. Asuweni anapita okha ku ofesi ya district ndi mapepala a nyumba, tinasaina affidavit (kalata yolumbira) pamaso pa notary, munthu wotsimikizira zosaina, mwana n'kulandiridwa. Chovuta chinali ntchito. Ndine CNA, wothandizira manesi, ndinkagwira usiku kunyumba yosamalira okalamba, 11 mpaka 7 m'mawa, asuweninso anali ausiku. Mwana wa zaka 8 ndimusiye yekha? Ndiye masiku a shifiti ndinkakamugoneka kwa mayi ena a kutchalitchi, pafupi pomwe, koma kumeneko inali kale district ina. Ndikaweruka ndimutenge, adye phala m'galimoto, ndikamutule pakhomo la sukulu.

Kwa mayi a kutchalitchi ajawo ndiye kunkaima bambo wina ndi kamera, kusanache. Ma district amenewa amalemba anthu aganyu oti azitsatira mabanja, ndipo ena ali ndi nambala yoti aliyense aimbe n'kunena mnzake osatchula dzina.

Kalatayo inabwera mu February, ya certified, yosainira. Ndinaitsegulira m'galimoto pa post office pomwepo. Akuti kafukufuku wawo wapeza kuti mwana wanga si wa m'district muno, choncho ndilipire tuition, fizi ya sukulu, kuyambira August. Ndalama imene analembayo inkaposa malipiro anga a miyezi ingapo. Lamulo la Illinois limawalola kulipiritsa mpaka 110 peresenti ya zimene amawononga pa mwana mmodzi. M'munsi mwake analemba kuti kupereka mwadala adiresi yabodza ndi mlandu, Class C misdemeanor. Mawu akuti mlanduwo ndi amene anandimaliza, chifukwa nthawi imeneyo mapepala anga okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndipo mu gulu muno tonse tikudziwa tanthauzo lake.

Madzulo omwewo ndinathamangira ku ofesi yawo mwana ali pambali, ndinalibe womusiyira. Ndinali ndisanagone, yunifomu ya kuntchito ndisanavule. Mayi wa pa desikiyo sanandiuze n'komwe kuti khalani pansi. Anatulutsa foda, n'kuyamba kuyala zithunzi pa kauntala chimodzichimodzi. Mwana wanga atavala jekete yake yapinki, chipewa chitakhota, akutsika masitepe a kwa mayi aja tulo tili m'maso. Ine ndikupala ayezi pagalasi la galimoto. Chithunzi chilichonse chili ndi deti ndi ola pakona. Munthu wamkulu kubisala m'galimoto kumajambula kamtsikana ka zaka 8 kuli mdima, ndipo amalipidwa ndi ndalama za sukulu!

Ndinayamba kufotokoza za shifiti, mayiyo osandiyang'ana n'komwe. Anawerama, n'kumwetulira mwana wanga, n'kumufunsa mokoma kuti dzulo unagona kuti. Mwanayo anati, "Kwa agogo." Paja mayi a kutchalitchi aja amawaitana agogo, mmene tinamulerera. Mayi uja anatenga cholembera n'kulemba pomwepo, ine ndikuona. Ndinati si agogo ake omubala, kwathu munthu wamkulu aliyense ndi agogo. Iye anangoti zimenezo mukanene ku hearing, komwe amamva mbali zonse, ngati mukufuna. Mwana anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayiyo, n'kugwira malaya anga. M'galimoto sanayankhule mpaka pa maloboti, m'pamene anandifunsa kuti, "Amama, ndalakwitsa kuyankha? Andichotsa sukulu chifukwa cha ine?" Ndinaimika galimoto pambali n'kulira, iyenso kulira. Kuyambira usiku umenewo anayamba kukodza pogona, chinthu chimene anasiya ali ndi zaka 3. Basi yachikasu ikafika ankakana kukwera, ati ana ena akudziwa.

Mayi ameneyo sindinamukhululukire, ndinene zoona. Ntchito yake ndi ntchito yake, koma mwana safunsidwa choncho. Akanandifunsa ine, ndine ndinasaina. Ndipo iye ankadziwa bwino lomwe kuti pali lamulo loteteza anthu okhala mmene ndinkakhalira ine, koma sanatchule ngakhale kamodzi. Wina amene ndimamusungira mawu ndi woimba foni uja. M'mapepala awo munalembedwa kuti zonse zinayamba ndi munthu amene anaimba osatchula dzina. Amene ankadziwa komwe mwana wanga amagona usiku wa shifiti anali anthu owerengeka, ndipo onsewo tinkadyera limodzi nsima tikaweruka kutchalitchi. Ngati uli mu gulu muno, ukuwerenga, dziwa kuti unazunza mwana, osati ine.

Chinandipulumutsa ndi nesi wina wa ku Ghana kuntchito, amene anandikankhira kwa maloya aulere a legal aid. Loyayo anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, ukalandira kalata yotere uli ndi masiku 10 oti upemphe hearing, Loweruka ndi Lamlungu amawerengera momwemo, ndipo ukapempha, mwana akhoza kupitiriza kulowa m'kalasi mpaka board ya district itagamula. Chachiwiri, pali lamulo la boma la federal la 1987, McKinney-Vento. Ngati mukukhala kwa abale chifukwa nyumba yanu yatayika kapena ndalama zavuta, mwana ayenera kulandiridwa nthawi yomweyo ngakhale mulibe lease, ndipo district iliyonse imayenera kukhala ndi munthu woona za mabanja otere, amati liaison. Wa district yathu ofesi yake inali m'nyumba yomweyo. Ku hearing tinapita ndi ndandanda ya mashifiti anga yosainidwa ndi abwana, laisensi yanga, makalata a kubanki, zithunzi za bedi la mwana ndi zovala zake ku basement kuja. Asuweni anajomba kuntchito n'kudzaikira umboni. Tinawina. Kalata yachiwiri inali ya mizere itatu, mawu akuti pepani munalibe.

Ndiye inu achemwali, ine amene ndinkakhaladi pamalopo zinandithera choncho, nanga inu amene mwanena nokha kuti simudzagonako? Mulibe chokaonetsa ku hearing. Alamu anunso mukuwaika pamoto, chifukwa affidavit adzasaina ndi iwo. Ena akusokoneza ndi nkhani ya mapepala. Zoona, Khoti Lalikulu linagamula mu 1982, mlandu wa Plyler v. Doe, kuti sukulu ya boma singakane mwana chifukwa cha mapepala a immigration. Koma adiresi ndi nkhani ina, imeneyo ali ndi mphamvu yofunsa ndi kufufuza.

Komabe sukuluyo musaitaye mtima. Ndi mkwiyo wanga wonsewu, mwana wanga sindinamuchotse, ndipo sindikanamuchotsa. Aphunzitsi a m'kalasi anali anthu abwino zedi. Wa giredi 3 uja ankamudikirira pakhomo m'mawa nthawi yonse ya mavutoyi. Kunali mphunzitsi wapadera wothandiza kuwerenga, giredi 5 anayamba kuimba clarinet mu band, pofika middle school masamu anali m'kalasi ya patsogolo. Zimenezi kumene mukukhalako mwina simuzipeza, ndiye limbanani nazo mulowe. Pezani apartment ngakhale ya chipinda chimodzi mkati mwa malire. Musanasaine lease imbani ku ofesi ya district, muwerenge adiresi yonse ndi nambala ya nyumba, akuuzeni okha. Za landilodi kapena zolembedwa pa webusaiti ya nyumba ya Zillow musadalire. Zikakanika, samukiranidi kwa alamuwo, katundu ndi mabulangete, musinthe laisensi, makalata azibwera kumeneko, mwana azigona kumeneko.

Ku ofesi yankhani zimene afunsa basi. Za shifiti, za amene amakusungirani mwana, musayambitse nokha. Ndipo za moyo wanu musamauze anthu, ngakhale a kutchalitchi, ngakhale a mu gulu lomwe lino. Mwana musamuphunzitse bodza, koma muuzeni kuti munthu wamkulu akamufunsa komwe amagona, anene kuti funsani amayi.

Poti mwati wamng'onoyo wangobwera kumene kuchokera kumudzi, yambiranitu za kuchipatala. Fomu ya physical (kupimidwa thupi ndi dokotala) ndi ya katemera amazifuna pofika October 15, ma district ena tsiku loyamba lenilenilo, apo ayi mwana amabwezedwa kunyumba. Buku lake la kusikelo litengeni kwa dokotala, ambiri mwa makatemera athu amawavomera, koma wa katsabola kwathu sabaya, kuno amafuna awiri. Nambala ya a legal aid ndikadali nayo, ndilembereni ku inbox. Ndikulowa shifiti 11, ndiyankha mawa masana ndikadzuka.