Kwa mayi amene mwana wawo akukachitidwa opaleshoni ya hernia

Mayi, mwafunsa kuti dokotala wabwino ndi uti ku chipatala cha ana komwe akutumizani, mudzalipira zingati, komanso ngati mwana wa miyezi 8 sanachepe kuchitidwa opaleshoni ya hernia ya m'mphechepeche. Za ndalama kafunseni ku ofesi ya chipatalacho. Ine ndiyankha za opaleshoniyo.

Sanachepe ayi. Amene akuti dikirani itha yokha akusokoneza ndi hernia ya pamchombo, yomwe nthawi zambiri imatsekeka mwana asanakwane zaka 5. Ya m'mphechepeche siitha popanda opaleshoni. Pamakhala kanjira komwe sikanatsekeke, ndiye thumbo limatsikira mmenemo n'kupanga chotupa, ndipo ana osakwana chaka ndi amene thumbolo limawakanirira kawirikawiri. Mukaona chotupacho chalimba, chafiira, sichikubwerera, mwana akulira osatonthola, mimba yatupa kapena akusanza zobiriwira, musadikire tsiku lomwe anakulemberani. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, ndipo musamupatse chakudya panjira.

Ena okuyankhani angothamangira kutchula mayina a madokotala odziwika. Wocheka ndi wofunika, inde, ndipo akhale wozolowera maopaleshoni a ana. Koma opaleshoni imeneyi ndi yaifupi, nthawi zambiri siipitirira ola limodzi. Munthu amene muyenera kumufunsa kwambiri ndi wogonetsa. Kodi amagonetsa makanda kawirikawiri? Ali ndi zida za msinkhu wa khanda, ndi kachipangizo koyezera okosijeni pachala? Akadzuka mwana, ndi namwino uti amene adzakhale pambali pake? Khanda njira yake yopumira ndi yopapatiza, okosijeni amatsika msanga, thupi limazizira msanga. Apa m'pamene chipatala cha ana chimasiyana ndi cha anthu onse.

Wogonetsayo muuzeni zonse. Ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, ngati ali ndi vuto la mtima kapena khunyu, mankhwala aliwonse omwe akumwa ngakhale azitsamba, komanso ngati wachibale wina anavutikapo ndi mankhwala ogonetsa. Chimfine ndi chifuwa musabise poopa kubwezedwa. Njira yopumira ikakhala yotupa imatha kutsekeka mwana ali mtulo, n'chifukwa chake amasuntha tsiku ndi masabata angapo.

Tsopano chomwe chimalakwika kwambiri: kudyetsa mwana mobisa. Lamulo lomwe zipatala zambiri zimatsata ndi ili. Chakudya ndi mkaka wa m'chitini zilekeke maola 6 opaleshoni isanayambe, bere maola 4, madzi oyera maola 2. Ngati akuuzani nthawi zina zosiyana ndi izi, tsatirani zawozo. Mwana adzalira, mtima udzakupwetekani, anzanu a pawodi adzakuuzani kuti mungomuyamwitsa pang'ono palibe adziwe. Musayerekeze. Munthu akagonetsedwa sangatsokomole, ndiye mkaka wa m'mimba umabwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo. Ngati mwalakwitsa n'kumuyamwitsa, nenani. Angokusunthirani nthawi basi.

Komanso njala yopitirira muyeso ndi yoopsa. Khanda shuga amatsika msanga, madzi amathanso m'thupi. Mukaona nthawi yomwe anakuuzani yadutsa ndipo simukuitanidwa, pitani kwa namwino mukafunse ngati angamwe madzi kapena amuike diripu. Osangokhala chete pabedi.

Diripuyo muziiyang'ana. Mitsempha ya ana ndi yaing'ono, kanula (kapaipi kolowa mumtsempha) amachoka m'malo mosavuta. Dzanja likayamba kutupa, kuzizira kapena mwana akamalira pomubaya mankhwala mmenemo, itanani namwino aimitse.

Mankhwala a ana amawerengera kulemera, osati zaka. Onetsetsani kuti amukweza pasikelo tsiku lomwelo, ndipo nambalayo muisunge. Paracetamol ndi 15 mg pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa maola 24. Mwana wa makilogalamu 8 ndiye kuti 120 mg, omwe ndi 5 ml ngati botolo lalembedwa 120 mg pa 5 ml. Werengani botolo, chifukwa pali lina la 250 mg pa 5 ml, ndipo 5 ml yomweyo ikhala yopitirira kawiri. Yezerani ndi sirinji, osati supuni. Aspirin ayi.

Ambiri amatulutsidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, akadzuka bwinobwino, kuyamwa osasanza ndi kukodza. Musanatuluke funsani ngati ulusi ndi wosungunuka wokha, tsiku loyamba kumusambitsa, ndi tsiku lobwerera kukaonetsa. Kutupa pang'ono kumusi kwa bala, makamaka kwa anyamata, kumachitika ndipo kumaphwa. Bwererani msanga ngati thupi latentha kufika 38, bala likutuluka mafinya kapena magazi, akukana bere, akusanza mobwereza, kapena akupuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi ali phee.

Posintha thewera muzisuzumiranso mbali inayo. Ana ena hernia imadzatulukira kumeneko pakapita miyezi.